Ana anga a Fomu 1 akukhoza galamala koma pakamwa pali gwa

Madamu a ku Ntchisi: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndithandizeniko nzeru. Ndili pa sekondale ina yoyendera (CDSS) kuno, andipatsa Fomu 1, ana 94 m'kalasi imodzi, mabuku 11 okha. Pa mayeso a pakati pa teremu ndinawapatsa mafunso osankha yankho, ambiri anakhoza ndithu. Ukafunsa kuti noun n'chiyani amayankhira limodzi ngati kwaya ya Mvano. Koma dzana ndinauza mtsikana wina amene anapeza 17 pa 20 kuti andifotokozere m'Chingerezi zimene anachita Loweruka. Anangoti zyoli, uku akukanda desiki. Nditamukakamiza anati "My mother he go to maize mill", nkhani n'kuthera pomwepo. Ahedi akuti tibwezeretse lamulo lakale lija, wolankhula Chichewa pasukulu azivala chikwangwani m'khosi, poweruka azikatchetcha. Mtima wanga ukukana, koma ndilibe china choti ndikawauze pa mitingi ya aphunzitsi Lachisanu.

Sala a ku Thyolo: Madamu, chikwangwanicho ine ndinachivalapo ndili mwana. Chimene ndinaphunzirapo ndi kukhala chete komanso kutchera khutu kuti mnzanga aphonye ndimupatsire. Tsiku lonse tinkalankhulana ndi manja, tikangotuluka pageti Chilomwe ndi Chichewa mbwee. Chizungu changa ndinachipeza kwina, osati pa chingwe chija.

Ahedi opuma, Dedza: Ana anga, musafulumire kunyoza zakale. Chikwangwani sindikuchiikira kumbuyo, koma mudziwe chimene chikuwawa ahedi anuwo. Mwana akalephera Chingerezi pa MSCE, satifiketi palibe, ngakhale masamu atapeza 1. MANEB imafuna maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chikhalemo. Ndiye munthu akamaona ana akutuluka Fomu 4 opanda pepala chaka ndi chaka, amagwira chilichonse chimene chili pafupi. Kukhoza kwa ana anuwo sikudziwa galamala ayi, ndi kuloweza matanthauzo. Ife tinkajambula tebulo pa bolodi: kumanzere I, you, he, she, pakati go, goes, went, kumanja to the market, to the maize mill, to church. Mwana aliyense amatola m'zigawo zitatuzo n'kunena chiganizo mokweza, mpaka lilime lizolowere. Sizifuna buku, ndi choko basi.

Madamu a ku Ntchisi: Zikomo bambo. Tebulolo ndinaliphunzira ku koleji koma ndinalitaya, ndimaliona ngati la ku pulayimale.

Mphunzitsi wa Sitandade 6, Mchinji: Mwatitchula a pulayimale, ndiye tiyankhepo tisanayambe kunenedwa. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994 makalasi athu sanapumepo, ine pano ndili ndi ana opitirira 100. Mu 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, koma lowani m'kalasi mudzaone. Ukafotokoza za kagayidwe ka chakudya m'Chizungu chokhachokha, maso onse amangoti tong'o, umabwerera wekha ku Chichewa. Pofika Sitandade 8 aliyense amathamangira mapepala akale a mayeso a PSLCE, A B C D mpaka mayeso. Mwana amafika kwa inu atazolowera kuzunguliza chilembo, kutsegula pakamwa ayi.

Madamu a ku Mangochi: Kuno ndiye muonjezepo china. Ambiri mwa ana anga kunyumba ndi Chiyawo, Chichewa amachipezera kusukulu, Chingerezi n'chachitatu. Ukawaletsa ziwiri zoyambazo watsala ndi kalasi ya osalankhula.

Sala a ku Zomba: Ndibwerere pa chiganizo cha mtsikana uja, chifukwa muli zambiri m'menemo. "My mother he go." Mwanayo sanasokoneze amayi ake ndi bambo. Chichewa chathu chilibe he ndi she, timangoti "iye", kapena "anapita", kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Mutu wake sunafunikepo kusankha pamenepo chibadwire. Chimodzimodzi a, an ndi the, ife tilibe. Nthawi ya mneni timaiika kutsogolo kwa tsinde, ndi-na-pita, ndi-dza-pita, pomwe Chingerezi nthawi yapita chimaiika kumapeto, walk kukhala walked, kapena kusinthiratu liwu, go kukhala went. Ndiye zolakwa za ana athu sizibwera mwachisawawa, zili ndi njira yake, ndipo njirayo mukhoza kuilosera musanalowe m'kalasi.

Ine ndili ndi kope limene ndimalembamo zoterezi. "Borrow me your pen", chifukwa ife "ndibwereke" amagwira mbali zonse ziwiri. "I hear hunger", "I am hearing a smell", chifukwa kumva kwathu ndi kwa khutu, mphuno, m'mimba ndi mutu womwe. "Drink medicine" m'malo mwa take. "Open the radio." Wina akutuluka m'kalasi amati "I am coming", ndikubwera uja. Chimene chimandiseketsa kwambiri ndi funso lokana. Ukafunsa kuti "Didn't you write the homework?" mwana amati "Yes", iwe n'kutambasula dzanja kuti ulandire kope, pomwe iye akutanthauza kuti inde, sindinalembe. Paulemu wa Chichewa wayankha bwinobwino.

Zimenezi sungazichotse pobisa Chichewa. Ndimalemba chiganizo cha Chichewa pa bolodi, cha Chingerezi m'munsi mwake, n'kuwafunsa okha kuti zasiyana pati. Mphindi zitatu za Chichewa zimandipulumutsira piriyodi yonse.

Ahedi opuma, Dedza: Mphindi zitatu zikhale zitatudi. Ndinaonapo aphunzitsi amene amayamba ndi "kuti mumvetse bwino" kenako mphindi 40 zonse zatha m'Chichewa, Chingerezi chatsala pa deti yokha ya pa bolodi.

Sala a ku Zomba: Apo mwalasa bambo, sinditsutsa.

Madamu a ku Ntchisi: Nanga kulankhulako? Ana 94 ndikati aliyense anene chiganizo chimodzi, belu lilira ndisanafike mzere wachinayi. Magulu ndinayesa, amangosankha mmodzi wodziwa uja, ena onse n'kumacheza za kumudzi.

Madamu a ku Mangochi: Magulu a anthu khumi asiyeni, ndi msonkhano wa mfumu umenewo. Awiriawiri, amene akhala desiki imodzi kapena moyandikana pansipo. Funso likhale laling'ono ndipo nthawi ikhale yochepa, mphindi ziwiri. Chinsinsi chili pa kubweza: osamufunsa mwana zake, mufunseni za mnzake. Mnyamata akhale ndi mtsikana ngati n'kotheka. Akaima kunena zimene mnzake anachita Loweruka, afune asafune agwiritsa ntchito he kapena she ndi nthawi yapita. Akatchula mnyamata kuti she, kalasi yonse imaseka ndipo mwini wakeyo amadandaula, kukonza kwachitika inu musanatsegule pakamwa. Phokoso limakhalapo, achenjezeni a kalasi yoyandikana nayo.

Mitu yake isakhale ya m'buku yokha. Anyamata anga amene sanenapo kanthu, tsiku limene ndinafunsa kuti timu yabwino ndi iti pakati pa Bullets ndi Wanderers, ndinachita kuwaletsa. Chizungu chake chothyokathyoka, koma chimatuluka. Za ganyu, za mtengo wa feteleza, zoti foni iziloledwa kusukulu kapena ayi, zonsezo ali nazo maganizo kale, chikusowa ndi mawu chabe.

Sala a ku Thyolo: Ndipo akamalankhula musamawadule pa cholakwa chilichonse. Sabata ino ngati tikusaka he ndi she, zina zonse zidutse kaye. Ndimachita chimodzimodzi pochonga, apo ayi makope 94 angakugoneke kuchipatala. Kope lofiira paliponse mwana saliwerenga, amangoyang'ana malikisi n'kutseka.

Mphunzitsi watsopano, Kasungu: Pepani akuluakulu, ine ndangoyamba chaka chino. Za mawu atsopano mumatani? Ndimawapatsa mawu 20 Lolemba ndi matanthauzo ake, Lachisanu amakhoza, sabata yotsatira aiwala onse.

Sala a ku Zomba: Achimwene, chepetsani, ndipo liwu lisamayende lokha. Osaphunzitsa medicine payekha, phunzitsani take medicine. Osati bus, koma get on the bus, get off the bus. Mwana akaloweza liwu lokha, mnzake wa liwulo amakamutenga ku Chichewa, n'chifukwa chake timamva drink medicine. Pemphani nyuzipepala zakale za The Nation kapena The Daily Times kwa aliyense amene amagula, dulani nkhani zifupizifupi, matani pa makatoni. Nkhani imodzi awiri awerenge, asankhemo mawu atatu okha, mawa adzawagwiritse ntchito pofotokozera anzawo. Za l ndi r musataye nazo tulo kwambiri. M'Chichewa ndi liwu limodzi, polemba timangoika r pambuyo pa i ndi e, ndiye khutu la mwana silimva kusiyana kwa pray ndi play. Ziyeseni pa mawu amene tanthauzo limasintha, monga rice ndi lice, road ndi load, chifukwa zimalowa mpaka mu sipelo ya chimangirizo.

Madamu a ku Ntchisi: Ndabwerako ku mitingi ija. Chikwangwani chaimitsidwa kaye mpaka teremu ithe, koma ahedi akuti akufuna aone ndi maso awo, adzakhala kumbuyo kwa kalasi Lachitatu. Agwirizana nazo zoti Lachiwiri ndi Lachinayi pa asembule ana awiri azinena nkhani ya mphindi imodzi m'Chingerezi, tiyambira a Fomu 3 kuti aang'onowa aonere. Tebulo la bambo a ku Dedza ndaliyesa kale dzulo, kenako awiriawiri aja. Mtsikana uja ananena za mnzake kuti "He went to the garden and she watered tomatoes." Theka lakhoza, theka latsala, ndipo mnyamatayo anakuwa kuti iye si she. Sala a ku Zomba, kope lanu lija mungalijambule masamba ake munditumizire? Netiweki kuno imagwira bwino usiku, pachulu cha kuseri kwa nyumba ya ahedi.

Sala a ku Zomba: Nditumiza ikakwana 9 koloko, Madamu. Masamba ena analowa madzi nthawi ya namondwe wa Freddy, mukalephera kuwerenga mundifunse.