Kodi Wicca ndi chipembedzo chovomerezeka pakati pa asilikali a ku America?

Wofunsa

Abale, ndamva kuti m'manda a asilikali ku America muli miyala ina yojambulidwa nyenyezi ya nsonga zisanu mkati mwa mzere wozungulira, chomwe ndi chizindikiro cha Wicca, chipembedzo cholemekeza chilengedwe chimene ambiri mwa ochitsatira amadzitcha mfiti. Kodi boma linalola liti zimenezi, ndipo kuloleza kumeneku kukusonyeza kuti limaona Wicca ngati chipembedzo chenicheni?

Wokonda Mbiri

Bambo, nkhaniyi inayenda pang'onopang'ono. Buku lothandiza abusa a asilikali la mu 1978 linkafotokoza kale za Wicca, koma mkangano unabuka mu 1999, zitadziwika kuti ku Fort Hood, ku Texas, asilikali a chipembedzochi amasonkhana mkati mwa kampu ndi chilolezo cha akuluakulu awo. Phungu Bob Barr anafuna kuti misonkhanoyo iletsedwe, ndipo George W. Bush, yemwe panthawiyo anali bwanamkubwa wa Texas, ananena kuti iye saona ufiti ngati chipembedzo.

Za chizindikirocho zinatenga nthawi yaitali kwambiri. Sajeni Patrick Stewart anafera ku Afghanistan mu 2005, helikopita imene anakwera itawomberedwa, ndipo malo ake pakhoma la chikumbutso ku Nevada anakhala opanda kanthu kwa miyezi yambiri chifukwa nthambi ya boma yoona za asilikali akale inkakana nyenyeziyo, pomwe mkazi wake, Roberta, sanafune chikwangwani chopanda chizindikiro cha chikhulupiriro cha malemuwo. Nthambiyo inagonja mu Epulo 2007, nkhani itafika kale kukhoti.

Mayi Wina

Pa funso lanu lachiwiri, bambo, boma la America siligamula kuti chikhulupiriro choona ndi chiti, chifukwa malamulo oyendetsera dzikolo amaliletsa kukondera chipembedzo. Limangoona ngati msilikali akupatsidwa zimene anzake akupatsidwa. N'chifukwa chake nyundo ya Thor, mulungu wa anthu akale a kumpoto kwa Ulaya, nayo inaloledwa pamanda mu 2013, kenaka mu 2017 unduna wa zachitetezo unawonjezera Druid ndi Asatru, zipembedzo zotsatira zikhulupiriro zakale za ku Ulaya, pamndandanda wake wa zipembedzo za asilikali.

Wofunsa

Zikomo, mayi, komabe kulembedwa pamndandanda sikukutanthauza kuti onse ali pamlingo umodzi. Ndaona kuti mu 2006 m'busa wa asilikali Don Larsen, yemwe ankatumikira ku Iraq, anachotsedwa pa udindo wake atapempha kuti achoke mumpingo wa Pentekosite n'kukhala m'busa wa Wicca.