Kodi ofesala watsopano asainire zipolopolo zomwe zagwidwa ndi chinyezi?

Moni akuluakulu nonse, makamaka inu amene munagwirapo ntchito yosunga zida zankhondo.

Ndikulandira udindo woyang'anira nyumba yosungira zipolopolo, koma ndaima kaye kusainira kaundula. Pa mabokosi achitsulo 40 a zipolopolo za saizi ya 7.62×51 mm, asanu ndi limodzi a lot imodzi (zipolopolo zopangidwira limodzi kufakitale) rabara yapachivundikiro inang'aluka. Timakadi toyezera chinyezi tasintha kuchoka ku buluu kufika ku pinki, ndipo makesi amkuwa ena achita zobiriwira pakhosi pomwe chipolopolo chimalowera. Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi pakhosipo, chifukwa mkuwa wodyeka umatha kung'ambika mfuti ikamawombera.

Zomwe tachita kale: mabokosiwo tawapatula ndi kuwalemba kuti asaperekedwe, tawakweza pamapaleti kutali ndi khoma, tatsegula mipata yolowera mpweya, ndipo tawerenganso lot yonse kufananiza ndi kaundula. Chiwerengero chikugwirizana. Zonse ndi za gulu la 1.4S (la zophulika zosaopsa kwambiri) ndipo zili pazokha, osati pamodzi ndi ma detonator (tizida toyambitsa kuphulika) a gulu B. Ndawerenganso malangizo a IATG a United Nations okhudza kasungidwe ka zipolopolo, koma katswiri woyeza zipolopolo yemwe tinamuitana sanabwerebe.

Funso langa ndi ili: kodi ndiimitse lot yonse, kapena mabokosi asanu ndi limodziwo basi? Nanga ndingasainire ndi ndemanga yolembedwa, kapena ndikane mpaka lipoti la katswiri lituluke? Ndikasaina lero, mlandu wonse ugwera ine. Chonde ndithandizeni.