Keke yopanda mazira ikufunika mawa, thandizeni

Mlongo watsopano: Abale zandivuta. Mawa mwana wa adona akukwanitsa zaka 5 ndiye akuti ndipange keke, koma mwanayo mazira sayanjana nawo, akangolawa milomo imatupa. Ndiikemo chani mmalo mwake? Ntchitoyi ndayamba sabata yathayi, chonde

Wapagalaja: Kaguleni yopangapanga muike pa mbale basi kkkk

Anti apalesitilanti: Iwe ukufuna aphe mwana wa eni? Makeke ambiri ogula muli mazira. Mlongo muziwerenga zolemba papaketi, ngakhale mayonezi muli mazira, ndipo zina za m'katoni zomwe amati ndi zolowa mmalo mwa mazira zimakhala zoyera za dzira lomwelo

Madala: Ine mazira akuno ndinasiya kale, ndi apulasitiki amapanga ku fakitale, mnzanga anaona pa vidiyo

Wapagalaja: Madala mwayambanso, za mazira apulasitikizo ndi bodza

Wakubekale: Mlongo mverani ine. Pa dzira limodzi, supuni yaing'ono ya soda ndi supuni yaikulu ya viniga. Soda musakanize ku fulawa, viniga ku mkaka, mukaphatikiza musachedwe ponyani mu uvuni wotentha kale chifukwa thovu lija ndi lomwe limafufumitsa, likatha latha

Anti apalesitilanti: Ayi flaxseed, tinjere tating'ono tamafuta tija, ndiye yeniyeni. Supuni yaikulu imodzi yogaya, madzi masupuni 3, mudikire mphindi 10 mpaka ichite nanda. Tinjere ta chia chimodzimodzi

Wakubekale: Anti flaxseed imangomata, siifufumitsa. Pa mabisiketi ndi ma muffin sawasawa, koma keke ya phwando ituluka ngati njerwa. Zaka 8 ndili pa uvuni ine

Anti apalesitilanti: Zaka 8 zonyamula matumba a fulawa mwina

Mai awiri: Ine ndinaikapo nthochi, theka pa dzira limodzi, inagwirana bwino koma nyumba yonse fungo nthochi, abwana anadya kachidutswa kamodzi n'kundifunsa ngati ndinamva zoti amafuna ya vanila. Ndinaidya ndekha masiku anayi

Madala: Komanso inu atsopano mukamafunsidwa ntchito musamati "ndimatha zonse", onani lero. Kuno si kwanu

Mlongo watsopano: Sindinaname madala, keke ndimatha, ya mazira

Wausiku: Palibe watchula madzi a m'chitini cha tchana? Musamataye aja. Masupuni aakulu 3 ndi dzira lathunthu, 2 ndi zoyera zokha, mukawamenya ndi makina amachita thovu loyera mbee. Bola musasankhe keke yofuna mazira 4 kapena 5, zimenezo palibe chingakupulumutseni, pezani ya dzira limodzi kapena awiri

Mai awiri: Eee mwandikumbutsa nkhuku za mayi anga, dzira kulitola likadali lofunda. Chaka chachitatu chino osawaona

Wapagalaja: Musatiliritse usiku uno mayi

Anti apalesitilanti: Chinanso, mbale ndi chomenyera mutsuke ndi sopo bwinobwino, kotsalira kochepa ka dzira kamatha kumudwalitsa mwana wotero. Mufunsenso adona ngati mkaka ndi mtedza amadya

Wapagalaja: Alipo akudziwa chipinda cha lendi mwezi wamawa? Landilodi wandipatsa notisi

Mlongo watsopano: Pepani achimwene akubekale, viniga uja munati supuni yaikulu kapena yaing'ono? Uthenga wakwera sindikuuonanso

Madala: Viniga amadula mkaka, musayerekeze

Wakubekale: Yaikulu. Mkaka ukadula ndi momwemo, musautaye