Ndapezeka ndi shuga kuno ku England, zoona mankhwala ndi mano ndi zaulere?

Mayi_waku_Luton

Moni nonse abale, ndithandizeni inu amene mwakhalitsa kuno. Mwezi wathawu GP (dokotala wa kuchipatala cha m'dera lathu) anandiuza kuti ndili ndi shuga, type 2, nde anandiyambitsa metformin, kuwonjezera pa mapiritsi a BP amene ndimamwa kale ndi enanso a cholesterol. Ku pharmacy akundidula £9.90 pa mtundu uliwonse, itatuyo ndi £29.70 ulendo umodzi, ine mutu wayima chifukwa akuti mankhwalawa ndi a moyo wonse. Mnzanga wakuntchito akuti ndikungotaya ndalama, odwala shuga salipira, akutinso ngakhale kwa dokotala wa mano ndi ulere bola kungonena kuti uli ndi shuga. Zoona zimenezi? Ndikufunsa za mano chifukwa nkhama zanga zikumatuluka magazi ndikamatsuka mkamwa ndipo dzino lina lakumbuyo layamba kugwedera, koma ndikuopa kupita nkukandiuza mtengo woti ndikomoke.

Mdala_wa_insulin

Pepani mayi ndi matendawo koma musade nkhawa, ine ndakhala nawo zaka zambiri ndipo ndilipo. Mnzanuyo theka wanena zoona theka wakusokeretsani.

Za mankhwala ndi zoona. Aliyense wa shuga amene akumwa mankhwala kapena kubaya insulin ali ndi ufulu wolandira chomwe amati medical exemption certificate, setifiketi yoti musamalipire mankhwala. Amene saloledwa ndi okhawo amene shuga yawo akuiwongolera ndi zakudya basi, opanda piritsi. Inu muli pa metformin nde mukulowa. Koma sichibwera chokha ayi, apa mpamene ambiri timagwera, timaganiza kuti poti dokotala akudziwa ndiye kuti zatheka. Pitani ku GP kwanu mukapemphe fomu ya FP92A, mulembe mbali yanu, iwo asayine nkutumiza ku NHS Business Services Authority, ofesi ya NHS (zachipatala za boma) yoona za masetifiketiwa, kenako setifiketi ikupezani. Imagwira ntchito zaka 5, ikatha mumapemphanso.

Chokoma chake nchakuti siya mankhwala a shuga okha. A BP anuwo, a cholesterol, kaya mawa mwadwala chifuwa akulemberani ma antibiotic, zonse ziro. Ndipo sayang'ana kuti mumalandira ndalama zingati, olo mutakhala bwana.

Pamene mukudikira, mukalipira ku pharmacy muziwauza akupatseni risiti ya FP57 nthawi yomweyo musanachoke pa kauntala, chifukwa mukabwerera mawa sapereka. Ndi imeneyo mumakabwezeredwa nayo ndalama, bola muitanitse pasanathe miyezi itatu chilipirireni. Setifiketi amaiyambitsa mwezi umodzi m'mbuyo kuchokera tsiku limene alandira fomu, nde musachedwe nayo.

Za mano ndisiyira ena, koma mwachidule ayi.

Zinandionekera

Achemwali za mano zo musayerekeze, ine zinandionekera kkkk. Ndinali ndi khadi langa la exemption mchikwama, ndapita kukamatitsa dzino, pa reception andipatsa fomu nkundifunsa ngati ndimalipira. Ine mwamatama ndinati ayi ndine wa shuga, ndinatulutsa khadi kuwaonetsa, mtsikana anali pamenepoyo anangoliyang'ana mwachangu foni ikulira mbali inayi, ine ndachonga bokosi ndasayina ndapita kunyumba ndikusangalala kuti dziko lino ndi labwino. Patadutsa miyezi kalata ija tho pakhomo. Ndilipire ndalama ya dzino lija, kuwonjezera chindapusa cha £100 pamwamba, ndipo analemba kuti ndikachedwa masiku 28 awonjezeranso £50. Ndinaimba foni kufotokoza kuti sindinadziwe, anandiyankha mwaulemu ndithu koma mfundo yake inali yoti amene anasayina ndi ine osati wa pa reception. Ndinalipira mtima ukuwawa.

Nde mvetsani, khadi la shuga ndi la mankhwala BASI. Mano a ulere pa NHS ali ndi malamulo akeake osakhudzana ndi matenda: ana osakwana zaka 18, kapena osakwana 19 ngati ali pasukulu, amayi oyembekezera ndi amene abereka m'miyezi 12 yapitayi, ndi anthu amene ali pa ma benefit ena monga Pension Credit ya Guarantee kapena Universal Credit koma iyonso pokhapokha malipiro ako ali otsika kwambiri. Ngakhale agogo a zaka 60 amene mankhwala amalandira ulere chifukwa cha msinkhu, kwa dokotala wa mano amapisa mthumba.

Koma mtengo siwokomola ngati mwapeza wa NHS. Mitengo ya 2025 inali £27.40 kukuonani, X-ray ndi kutsuka pang'ono, £75.30 kumata kapena kuzula kapena kuchiza nkhama kwenikweni, £326.70 zikafika pa ma crown ndi mano oikirira. Mumalipira kamodzi pa chithandizo chonsecho, olo amate mano atatu ndi mtengo umodzi womwewo. Vuto ndi kumupeza dokotala woti akulandira anthu atsopano a NHS, imeneyo nde ntchito, imbani malo ambiri ndipo mufunse momveka kuti NHS, apo ayi akulembani ngati private.

WakuGlasgow

Samukirani kuno basi kkkk. Ku Scotland prescription ndi yaulere kwa aliyense kuyambira 2011, Wales anayamba 2007, Northern Ireland 2010, ndinu a England nokha mukuvutika ndi mafomu. Kuonetsa mano kwa dokotala wa NHS kunonso ndi ulere, koma akayamba kugwira ntchito mkamwamo umalipira ngati wakwana zaka 26. Kuzizira kokha nde mupirire.

NesiWausiku

Mayi ine ndalama ndaziona koma chandigwira mtima ndi nkhama zotuluka magazi ndi dzino logwederalo. Chimenecho chikhoza kukhala chiseyeye ndipo ndi shuga zimayendera limodzi. Shuga ikakwera m'magazi imachulukanso m'malovu, mkamwa mumauma, tizilombo timapeza chakudya, pomwe thupi mphamvu yolimbana nato yachepa ndipo zilonda zimachedwa kupola. Nde nkhama zikatupa nazonso zimapangitsa kuti shuga ivute kutsika, munthu umangodabwa HbA1c (muyezo wa shuga m'magazi wa miyezi ingapo yapitayi) siikusuntha chonsecho mankhwala ukumwa bwinobwino. Chikalowerera chimadya fupa logwira dzino, ndi chifukwa chake limagwedera, ndipo fupa likadyeka silibwerera. Chimanyenga poti nthawi zambiri sichipweteka.

Musasiye kutsuka poona magazi, ambiri amalakwitsa pamenepo, amayamba kupazemba pamalo potuluka magazipo nde pamaipiraipira. Kawiri patsiku ndi mankhwala otsukira a fluoride, pakati pa mano muzidutsamo ndi timaburashi tating'ono tija. Mukapita muwauze kuti muli ndi shuga ndi mankhwala onse amene mukumwa, ndipo mudye kaye musanapite. Mukatupa tsaya kapena kutentha thupi musadikire appointment, imbani 111, nambala ya NHS ya thandizo lachangu.

China chimene palibe wanena, maso. Wa shuga kuyezetsa maso kwa optician pa NHS ndi ulere, komanso akuitanani ku diabetic eye screening, kumene amakuthirani mankhwala m'maso nkujambula kumbuyo kwa diso. Ziwirizi ndi zosiyana, pitani konse. Tsiku la screening galimoto isiyeni kunyumba chifukwa maso amaona mbuu kwa maola angapo.

Mayi_waku_Luton

Zikomo kwambiri nonse, Ambuye akudalitseni. Ndadutsira ku GP pochoka kuntchito fomu ndalemba kale. Risiti ya FP57 ija sindinkaidziwa nde £29.70 yoyambayo yapita basi mxii. Achimwene a chindapusa mwandipulumutsa, ine ndikanachonga ndithu bokosilo. Koma funso lina, ine ndili pa visa ya ntchito ya care, yolembedwa no recourse to public funds, ma benefit sindingalandire. Setifiketiyi siindiika m'mavuto ndi a Home Office oona za ma visa? Nanga mano palibenso njira ina?

Mdala_wa_insulin

Mtima m'malo mayi, chithandizo cha NHS sachiwerengera m'gulu la public funds, setifiketiyo tengani mopanda mantha. Za mano yesani NHS Low Income Scheme, thandizo la anthu opeza zochepa, fomu yake ndi HC1, nayonso si benefit. Amaona zimene mumalandira, lendi, council tax ndi anthu amene mukuwasamala pakhomo, ndalama zosunga zisapitirire £16,000. Akakupatsani setifiketi ya HC2 ndiye kuti mano ulere ndi thandizo la magalasi lomwe, akakupatsani HC3 mumalipirako gawo. Kunena chilungamo ngati mumagwira full time ndi ma overtime mwina akukanani, koma kufunsira sikulipiritsa. Ine ndikanakhala inu sindikanadikira yankho lawo, dzinolo kalionetseni sabata ino, mulipire, risiti musunge, HC2 ikatuluka mudzaitanitsa ndalama zanu ndi fomu ya HC5, pasanathe miyezi itatu chilipirireni.