Madzi a ku Fukushima aja amawayeza ndani?

Wausipa_Mpondasi:
Abale, ndithandizeni. Ndimagulitsa usipa ndi utaka pa msika wa pa boma, koma chambo chikadula ndimaodanso karapao wa mufiriji. Dzulo kasitomala anandibwezera karapao, akuti Ajapani akutayira madzi a poizoni wa nyukiliya m'nyanja ya mchere, ndiye nsomba zonse zochokera kumeneko n'zoopsa. Ena amene anaima pa benchi langa anangotembenuka n'kumapita. Kodi n'zoona? Ngati akutayadi, amayeza madziwo ndani?

Aphunzitsi_MonkeyBay:
Amayi, kutayako n'koona. Pa 11 Malichi 2011 chivomerezi ndi mafunde aakulu zinawononga malo opangira magetsi a nyukiliya a Fukushima Daiichi. Madzi oziziritsira makina owonongekawo akhala akusungidwa m'matanki oposa 1,000, ndipo kampani yoyendetsa malowo, ya TEPCO, inayamba kuwatulutsira m'nyanja ya Pacific pa 24 Ogasiti 2023.

Koma sangotsegula mpopi ayi. Amayamba awasefa ndi makina otchedwa ALPS, omwe amachotsa mitundu 62 ya zinthu zotulutsa cheza choopsa. Chimakanika ndi tritium, chifukwa iyeyu ndi mtundu wa hydrogen, ali m'thupi la madzi enieniwo ndipo sefa samugwira. Ndiye amawathira madzi ochuluka a m'nyanja kuti asukuluke, mpaka tritium atsike pansi pa ma becquerel 1,500 pa lita (becquerel ndi muyezo wa kuchuluka kwa cheza choopsacho). Malire a WHO pa madzi akumwa ndi 10,000. Akatero amawadutsitsa mu ngalande ya pansi pa nyanja, yotalika kilomita imodzi.

Kuyeza kumachitika thanki isanatsegulidwe, kenako amatunga madzi m'malo osiyanasiyana panyanja, kutapa matope a pansi, kugwira nsomba ndi ndere n'kupita nazo ku labu. Anadziikira lamulo loti madzi otungidwa mkati mwa makilomita 3 akapitirira 700 pa lita, kutayako kuime.

Za karapao wanu, werengani pa katoni. Wambiri amene amafika kuno ngwa ku Namibia, nyanja ya Atlantic, kutali zedi ndi Japan.

Msodzi_Makanjira:
Aphunzitsi, manambala mwawaika bwino, koma ine funso la amayiwa ndalimva mwina. Wotaya ndi TEPCO, woyeza ndi TEPCO yemweyo? Fisi sungamutume kukawerenga mbuzi m'khola. Nanga dziko la China linaletseranji nsomba za ku Japan tsiku lomwe anayamba kutaya?

Aphunzitsi_MonkeyBay:
Achimwene, pamenepo mwagunda. N'chifukwa chake bungwe la IAEA, loona za nyukiliya pa dziko lonse, linatsegula ofesi pa malopo, limatunga lokha madzi n'kuwatumizanso ku ma labu a mayiko ena kuti zotsatira azifananitse. Akatswiri a ku China nawonso anadzaloledwa kukatunga okha. Asodzi a ku Fukushima komweko anakana dongosololi, ndipo chachikulu chimene ankaopa ndi chomwe chawachitikira amayiwa: wogula akachita mantha, manambala safunsa. Ine sindinganene kuti nkhani yatha, poti kutayaku kutenga zaka pafupifupi 30. Ofunika kuwayang'anitsitsa ndi oyezawo, asadzatope pa chaka chakhumi.

Msodzi_Makanjira:
Chabwino. Koma ine Pacific sindinamuonepo, nkhawa yanga ili pa nyanja yathu ino. Ku Karonga kuli mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera, ndipo mitsinje ya kumeneko, Sere ndi North Rukuru, imathera muno. Nyanjayi khomo lake lotulukira ndi limodzi lokha, Shire, pa Mangochi pano, ndiye cholowamo chimakhalitsa. Bungwe loona za cheza choopsa tili nalo, la AERA. Chimene ndikufuna n'choti zoyeza madzi a mitsinje imeneyo tizizimva pa wailesi, m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe, ngati mmene timamvera za nyengo yotseka nyanja.

Wausipa_Mpondasi:
Zikomo nonse. Ndakaona katoni, palembedwa Namibia. Mawa ndiika pa benchi pomwepo kuti ofunsa aziwerenga okha. Aphunzitsi, tritium ameneyu amatha yekha kapena ngwamuyaya?

Aphunzitsi_MonkeyBay:
Amatha, amayi, koma mwapang'onopang'ono. Pakapita zaka 12 ndi miyezi ingapo amatsala theka, pakapita zina zotero theka la thekalo.