Gulu la banja: amayi atupanso miyendo

Achemwali (Area 25): Mwadzuka bwanji nonse. Amayi ndili nawo kuno kuyambira dzulo. Usiku wonse sitinagone. Akangoti agone chagada mpweya ukuwathera, mpaka tinawatsamiritsa pa mapilo atatu, kwawachera ali chikhalire. Miyendo yatupanso, ndikadina chala pamsongolo pakutsala kadzenje.

Malume (Mitundu): Matenda aja abweranso? Paja atatuluka m'chipatala ulendo uja ankalima okha kudimba.

Alamu (namwino): Mwadzuka bwanji amalume. Achemwali, tajambulani mankhwala onse amene abwera nawo, ndi buku lawo la kuchipatala.

Achemwali (Area 25): Ndatumiza. Ali m'kajumbo kamene amamanga pansonga ya chitenje.

Alamu (namwino): Ndaona. Enalapril, wa BP ndi mtima, watha, koma furosemide, wochotsa madzi m'thupi, akadali wodzaza. Tawafunsani bwinobwino, mosawakalipira.

Achemwali (Area 25): Akuti timapiritsi tating'onoto timawakodzetsa kwambiri. Kutchalitchi amatuluka kawiri ulaliki usanathe, anzawo a chigwirizano n'kumawayang'ana. Ndiye anasiya kutupa kutangophwa. Enawo akuti atapita kukatenga anawauza kuti atha, abwerenso.

Alamu (namwino): Nkhani ili pamenepo. Mtima wa apongozi unafooka chifukwa cha BP ya zaka zambiri, sukankha magazi mokwanira, ndiye madzi amadzadza m'miyendo ndi m'mapapo. Kukodzako ndiye ntchito ya mankhwalawo, akutulutsa madzi amenewo. Awa si mankhwala a malungo oti masiku atatu mwamaliza. Ndi a tsiku lililonse, ngakhale akumva bwino.

Azakhali (Likuni): Ana inu, musaiwale Mulungu. Bwerani nawo Lachisanu kumapemphero. Ine ndinawapatsako Brufen wa bondo lija, anati akuwathandiza.

Alamu (namwino): Azakhali, kupemphera tisasiye, nafenso tikugwada. Koma Brufen ndi diclofenac chonde ayi. Amasunga madzi m'thupi, amavutitsanso impso. Bondo likawawa amwe Panado. Ndipo za Lachisanu n'kutali. Munthu amene akubanika atangogona sadikira, apite lero.

Achimwene (Johannesburg): Ndangotuluka ku night shift, mtima wanga wasweka. Apite ku private basi, ndalama nditumiza.

Achemwali (Area 25): Achimwene, ndalama tikuthokoza, koma vuto lathu ndi lomweli. Lero uku, mawa uko, dokotala aliyense akuyambira pachiyambi, mabuku afika atatu. Amayi sadziwanso kuti amwe ati, asiye ati. Ine ndatopa ndi kuwaona akuvutika chonchi.

Malume (Mitundu): Mwana wanena zoona. Mutu umodzi susenza denga, koma wodwala akhale ndi dokotala mmodzi. Apongozi anga, tilangizeni.

Alamu (namwino): Ayambire pa health centre ya ku Area 25 komweko, akawayeze ndi kuwalembera kalata yopita ku Kamuzu Central Hospital (KCH). Ku KCH mukapemphe kuti awaunike mtima. Pali ECG, imene imaona kagundidwe kake, ndi echo, imene imaonetsa mmene mtima ukupopera ndiponso ngati mavalavu ali bwino. Awayezenso magazi a impso ndi potassium (mchere wina wa m'magazi), chifukwa mankhwala awiriwa amakhudza zimenezo. Mutenge mabuku onse atatu ndi kajumbo kaja. Musawamwetse mapiritsi owirikiza kuti mubweze masiku anadumphawo. Koma akayamba kumva kuwawa pachifuwa, kukomoka, kapena kubanika ali chikhalire, musadikire kalata, thamangani nawo ku Central.

Chitsiriza (Kanengo): Ndapempha kwa abwana, nditulukako 10 koloko. Galimoto ya mnzanga ilipo, angofuna mafuta. Amayi asakwere minibasi ali chonchi.

Achimwene (Johannesburg): Ndikutumiza K150,000 kwa achemwali. Ya mafuta, ndi mankhwala ngati kulibe mugule ku pharmacy. Yotsala mugule makina a BP.

Alamu (namwino): Makinawo mutenge omanga pamkono, osati pa dzanja. Mugulenso sikelo. Aziyezedwa m'mawa uliwonse asanadye, n'kulemba m'kope. Akakwera makilo 2 m'masiku atatu, amenewo ndi madzi, abwerere kuchipatala. BP ikamapitirira 140/90 dokotala adziwe. Kunena za kutchalitchi, muwauze adokotala, akhoza kuwasinthira nthawi yomwera Lamulungu.

Azakhali (Likuni): Nanga zakudya? Mlamu wangayo popanda therere nsima sadya.

Alamu (namwino): Therere adye, koma soda achepe kwambiri, ndi mchere womwewo. Usipa wouma muziyamba mwauviika n'kutaya madziwo. Royco ayi. Mchere wa tsiku lonse usafike supuni yaing'ono imodzi, ndipo wothira pambale uchoke patebulo.

Achemwali (Area 25): Ndawawerengera zonse. Avomera kupita, koma akuti sakhala m'tauni kupitirira sabata, mtedza wawo uwolera m'munda.

Malume (Mitundu): Muwauze alongo anga kuti mtedza ndikumba ndi anyamata, nkhuku ndiziona ndine. Akhale komweko mpaka adokotala anene okha. Ine ndibwera Loweruka tidzagawane masiku operekeza, asamangosenza mwana mmodzi.

Chitsiriza (Kanengo): Ndanyamuka. Achemwali, akonzekeretu, mutengenso bulangete ndi mbale, mwina awagoneka.