Kodi munthu angadzipangire fuel cell pakhomo?

Wasola: Akuluakulu, ndili ndi mapanelo awiri a sola, ndipo mabatire akadzaza masana mphamvu yotsala imangopita padera. Ndamva kuti mphamvu imeneyi ingagwiritsidwe ntchito potulutsa mpweya wa haidrojeni m'madzi, womwe chipangizo chotchedwa fuel cell chimaubwezanso kukhala magetsi usiku. Kodi chimagwira ntchito bwanji, nanga munthu wodziwa zamawaya ndi zowotcherera angachipange yekha?

Mphunzitsi wopuma: Bambo, nzeruyi ndi yakale ndithu, chifukwa William Grove anaionetsa ku Britain mu 1839, ndipo zombo za Apollo zopita ku mwezi zinkapeza magetsi ndi madzi akumwa mwa njira yomweyi. Haidrojeni amalowera mbali imodzi, okosijeni mbali inayo, ndipo pakati pamakhala kapulasitiki kopyapyala, monga Nafion, komwe kamalola mapulotoni okha kudutsa (mapulotoni ndi maelekitironi ndi tizigawo ting'onoting'ono topanga haidrojeni). Pulatinamu, chitsulo chamtengo wapatali chopakidwa pamenepo, amagawa haidrojeni kukhala mapulotoni ndi maelekitironi. Popeza maelekitironiwo njira yawatsekera, amazungulira kudzera mu waya, ndipo kuyenda kwawoko ndiwo magetsi amene mukuwafuna. Zonse zikakumana ndi okosijeni kutsidyako, pamatuluka madzi ndi kutentha basi. Fuel cell imodzi yotereyi, kapena kuti selo, ikamagwira ntchito imapereka mavoti 0.6 kapena 0.7 okha, choncho kuti mufike mavoti 12 muyenera kusanjikiza maselo pafupifupi 20, onse osadontha mpweya.

Wazamawaya: Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ine ndikukulangizani kuti ndalama zanu musaike kumeneko. Kapulasitiki ndi pulatinamuyo simungapange pakhomo, muyenera kuitanitsa kunja, komabe limenelo si vuto lalikulu. Chovuta kwenikweni ndi kusunga mpweyawo, chifukwa haidrojeni amathawa ngakhale pa kabowo kosaoneka ndi maso, amayaka akangofika magawo 4 pa 100 alionse a mpweya wa m'chipinda, ndipo lawi lake masana silioneka bwino. Galimoto ya Toyota Mirai imausunga m'matanki opirira mphamvu ya ma bar 700 (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya), zomwe silinda ya gasi wophikira singayerekeze n'komwe. Kuwonjezera apo, pa mayuniti 10 a magetsi amene mungawononge potulutsa mpweyawo, obwerera ndi atatu kapena anayi, pamene batire la lithiyamu limakubwezerani pafupifupi 9.

Mphunzitsi wopuma: Pa zowunikira nyumba ndikugwirizana nawo. Koma ngati mukufuna kuona ndi maso mmene zimachitikira, songolani mapensulo awiri mbali zonse, muwaviike m'madzi osungunuliramo soda wophikira, muwalumikize ku batire la mavoti 9 mpaka tithovu tikute nsonga zake. Mukachotsa batire n'kuikapo mita yoyezera, mudzaona mphamvu pang'ono yomwe imatsika msangamsanga. Chonde musathire mchere m'malo mwa soda, chifukwa madzi a mchere amatulutsa mpweya wa kulorini womwe umapweteka mapapo, ndipo muchitire zimenezi panja, kutali ndi mbaula.

Wasola: Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndafunsa mtengo wa batire lachitatu, za mapensulozo tiyesa Loweruka ndi ana.